Mapulaneti Opendekeka ndi Miyezi Yake: Mafunso ndi Mayankho

Mapulaneti ambiri ozungulira dzuwa ndi opendekeka, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi miyezi yawoyawo. Njira imene mwezi uliwonse umayendamo imachokera pa kulimbirana kwa mphamvu ziwiri, ya pulaneti ndi ya dzuwa. Munthu akamvetsa kulimbiranako, amatha kuwerenga mbiri ya pulaneti pongoona mmene miyezi yake yakhalira.

Kodi akamati pulaneti ndi lopendekeka amatanthauza chiyani?

Pulaneti lililonse limayenda maulendo awiri nthawi imodzi: limapota palokha, komanso limazungulira dzuwa. Njira yake yozungulira dzuwa imakhala pamalo athyathyathya ongoyerekezera, amene m'nkhani ino tiziwatcha bwalo la njira ya pulaneti. Ikweta, yomwe ndi mzere wogawa pulaneti pakati, nayo ili ndi bwalo lake, limene tingaliganizire kuti lapitirira mpaka kutali mumlengalenga. Kupendekeka ndi kusiyana kwa mabwalo awiriwa, ndipo kumayezedwa m'madigiri.

Mapulaneti athuwa apendekeka mochuluka bwanji?

Mercury waima pafupifupi chilili, ndipo Jupiter wapendekeka madigiri 3 okha. Dziko lapansi lapendekeka madigiri 23.4, Mars 25, Saturn pafupifupi 27 ndipo Neptune 28. Uranus ndiye wagoneratu cham'mbali, pa madigiri pafupifupi 98. Kupendekeka kwa dziko lathu ndi kumene kumasintha nyengo, n'chifukwa chake kum'mwera kwa ikweta kumazizira mu June pamene kumpoto kukutentha.

Nanga chimbale cha mpweya chozungulira pulaneti n'chiyani?

Nyenyezi ikangobadwa imazunguliridwa ndi chimbale chachikulu cha mpweya ndi fumbi, ndipo mapulaneti amapangika mkati mwa chimbalecho. Pulaneti likakula kuyandikira msinkhu wa Jupiter, limayamba kukoka mpweya wapafupi, umene usanagwere pa pulanetilo umayamba walizungulira n'kupanga chimbale china chaching'ono. Mbali yaikulu ya mpweyawu ndi hydrogen ndi helium, osakanikirana ndi fumbi ndi timibulu ta ayezi. Zimbale zotere sizikhalitsa, chifukwa m'zaka mamiliyoni ochepa mpweya umakhala utatha.

N'chifukwa chiyani chimakhala chathyathyathya?

Tinthu tozungulira pulaneti tikamayenda m'njira zopendekeka mosiyanasiyana, timadutsana ndi kugundana. Kugundana kulikonse kumachepetsa kuyenda kokwera ndi kutsika, koma sikuthetsa kuzungulira kwa gulu lonselo, motero pamapeto pake zonse zimasonkhana pabwalo limodzi. Mikombero ikuluikulu ya Saturn imaonetsa bwino zimenezi. Kuchokera mbali ina kufika mbali inayo ndi makilomita oposa 270,000, koma m'malo ambiri kuchindikala kwake ndi mamita pafupifupi 10.

Kodi chimbale chotere chinaonekapo, kapena n'zongowerengetsera pa kompyuta?

Chinaonekapo. Nyenyezi yotchedwa PDS 70, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 370 kuti kutifike, ili ndi mapulaneti awiri amene akali kukula, omwe anapezeka mu 2018 ndi mu 2019. Mu 2021, gulu lotsogoleredwa ndi Myriam Benisty linaonetsa chithunzi chomveka bwino cha chimbale chozungulira pulaneti la PDS 70c, pogwiritsa ntchito makina a ALMA amene ali m'chipululu cha Atacama ku Chile. Fumbi la m'chimbalecho n'lokwanira kupanga miyezi mpaka itatu yofanana ndi wathuwu.

Kodi chimbalecho chingakule mpaka pati?

Pulaneti lililonse lili ndi dera limene mphamvu yake yokoka imatha kusunga zinthu popanda dzuwa kuzilanda, ndipo deralo limatchedwa ndi dzina la George William Hill, katswiri wa masamu wa ku America. Dera la Hill la dziko lapansi limafika makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene la Jupiter limapitirira makilomita 50 miliyoni. Chimbale cha mpweya sichidzaza dera lonseli, chifukwa dzuwa limachidula chisanafike theka la mtundawo.

Ndiye miyezi imapangika m'chimbale chimenechi?

Miyezi ikuluikulu yambiri ya mapulaneti akuluakulu inapangika momwemo, fumbi ndi ayezi zitaunjikana pang'onopang'ono. Umboni wake ndi miyezi inayi ya Jupiter imene Galileo Galilei anaiona mu 1610: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto. Yonse imayenda m'njira zozungulira bwino, imalowera mbali imene Jupiter amapotera, ndipo palibe umene wapatuka pa ikweta yake kupitirira theka la digiri. Io, yemwe ali pafupi pomwe chimbale chinali chotentha, ndi wamiyala, pamene Callisto, yemwe ali kutali, ali ndi ayezi wambiri.

Pulaneti likakhala lopendekeka, mwezi wake umatsata ikweta kapena njira ya pulanetilo yozungulira dzuwa?

Zimadalira mtunda. Mwezi wapafupi umatsata ikweta, ngakhale pulanetilo litapendekeka chotani. Mwezi wakutali umatsata bwalo la njira ya pulaneti, ndipo wokhala pakatikati umatsata bwalo lopendekeka lomwe lili pakati pa awiriwo. Zimatero chifukwa pafupi pamalamulira kufufuma kwa pulaneti, pamene kutali kumalamulira dzuwa.

Kufufuma kwa pulaneti n'chiyani?

Pulaneti likamapota mofulumira, limafufuma pa ikweta n'kuphwatalala pamwamba ndi pansi. Saturn amamaliza kupota kamodzi m'maola pafupifupi 10 ndi theka, ndipo ukamuyeza modutsa pa ikweta ndi makilomita 120,536, koma kuchokera pamwamba kufika pansi ndi makilomita 108,728. Dziko lapansi nalonso n'lofufuma, ngakhale kusiyana kwake ndi makilomita 43 okha. Kwa mwezi umene uli kutaliko, miyezi ikuluikulu yamkati imakoka ngati mbali ya kufufumako, ndipo imawonjezera mphamvu yake.

Kufufumako kumagwira bwanji mwezi kuti usapatuke?

Mwezi umene njira yake yapendekeka pang'ono umakokedwa ndi mbali yofufumayo kuti ubwerere pa ikweta. Koma poti mweziwo uli paliwiro, kukokako sikuwongola njirayo, m'malo mwake njira yonse imayamba kugwedera mozungulira, monga mmene mutu wa nguli umayendera pang'onopang'ono nguliyo ili mkati mopota. Kukula kwa kupendekeka kumakhala komweko, koma mbali imene njirayo yapendekera imazungulira ikweta. Peter Goldreich anasonyeza mu 1965 kuti pulaneti likamasintha kupendekeka kwake pang'onopang'ono, mwezi wapafupi wotere umatengedwa nalo limodzi.

Nanga dzuwa limachita chiyani?

Dzuwa limachita zofananazo, koma limafuna kuti njira ya mwezi izigwedera mozungulira bwalo la njira ya pulaneti. Mwezi ukamatalikira pulaneti, mphamvu ya kufufuma imachepa msanga pamene ya dzuwa yopotoza njirayo imakula. Kusinthaku n'kwakukulu kwambiri: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya dzuwa poyerekeza ndi ya kufufuma imawirikiza ka 32.

Kodi bwalo la Laplace n'chiyani?

Pa mtunda uliwonse kuchokera pa pulaneti pali kupendekeka kumodzi kumene mphamvu ziwirizi zimafafanizana, moti njira ya mwezi ikakhala pamenepo sigwederanso. Tikaphatikiza malo onse otere, kuyambira pafupi mpaka kutali, timapeza bwalo lopindika: mkati mwake lagona pa ikweta, kunja kwake lagona pa njira ya pulaneti. Linatchedwa ndi dzina la Pierre-Simon Laplace wa ku France, amene analifotokoza mu 1805 pofufuza miyezi ya Jupiter ndi ya Saturn. Mwezi umene suli ndendende pabwalolo umagwedera mozungulira bwalo lomwelo.

Kusintha kuchoka pa ikweta kupita ku njira ya pulaneti kumachitikira pati?

Kumachitikira pafupi ndi mtunda umene mphamvu ziwirizo zimafanana, umene tiziutcha malire a Laplace. Malirewa amakhala kutali ngati pulaneti n'lolemera, n'lofufuma kwambiri, lili ndi miyezi ikuluikulu yamkati, kapena lili kutali ndi dzuwa. Pa dziko lapansi ali pa makilomita oposa pang'ono 50,000 kuchokera pakati pa dziko, pa Uranus apitirira makilomita 1.5 miliyoni, ndipo pa Saturn ali pafupi ndi makilomita 3 miliyoni.

Kodi pali pulaneti limene zonsezi zimaonekera pamodzi?

Saturn ndiye chitsanzo chokwanira. Mikombero yake ikuluikulu yagona pa ikweta, ndipo Titan, amene ali pa makilomita 1.2 miliyoni, wapatuka pa ikwetayo ndi gawo laling'ono chabe la digiri. Iapetus, amene Giovanni Cassini anamupeza mu 1671, ali pa makilomita 3.56 miliyoni, kunja pang'ono kwa malire a Laplace, ndipo njira yake yapendekeka madigiri pafupifupi 15 kuchokera pa ikweta. Kutali kwambiri kuli mkombero waukulu wa fumbi lochokera ku mwezi wa Phoebe, umene unapezeka mu 2009 ndi telesikopu ya Spitzer, ndipo uwu wagona pa njira ya Saturn, madigiri 27 kuchokera pa mikombero inayo.

Nanga mwezi wathuwu umatsata chiyani?

Mwezi wathu uli pa makilomita 384,400, kutali kwambiri kupitirira malire a Laplace, choncho umamvera dzuwa. Njira yake yapendekeka madigiri 5.1 kuchokera pa njira ya dziko, ndipo imagwedera mozungulira kamodzi m'zaka 18.6. Poyerekeza ndi ikweta, kupendekeka kwake kumasinthasintha pakati pa madigiri pafupifupi 18 ndi 29. Madigiri asanuwo ndi amene amachititsa kuti kadamsana asamachitike nthawi iliyonse mwezi ukadutsa pakati pa dziko ndi dzuwa, ndipo n'chifukwa chake kadamsana wathunthu ngati amene anaoneka ku Lusaka pa 21 June 2001 amakhala wosowa.

Kodi unakhala choncho kuyambira pachiyambi?

Ayi. Asayansi ambiri amavomereza kuti mwezi unapangika zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zapitazo, kuchokera m'chimbale cha miyala yosungunuka ndi nthunzi chimene chinazungulira dziko litawombedwa ndi chinthu china chachikulu. Unabadwira pafupi, m'dera lolamulidwa ndi ikweta, kenako unatalikira n'kuwoloka malire a Laplace, ndipo mpaka pano ukutalikirabe masentimita 3.8 pachaka. Mu 2016, Matija Ćuk ndi anzake anapereka ganizo lakuti dziko linali lopendekeka kwambiri nthawi imeneyo, ndipo kuwolokako ndi kumene kunachepetsa kupendekeka kwa dziko n'kusiya njira ya mwezi yopendekeka.

Kodi zimenezi zimakhudza masetilaiti amene anthu amatumiza?

Zimawakhudza. Masetilaiti amene madishi a wailesi ya kanema amaloza amakhala pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, mtunda umene dzuwa ndi mwezi zimakhala zitayamba kale kulimbirana ndi kufufuma kwa dziko. Pamenepo bwalo la Laplace lapendekeka madigiri pafupifupi 7, moti setilaiti yosiyidwa yokha imapatuka mpaka madigiri pafupifupi 15, n'kudzabwerera pa ikweta patatha zaka pafupifupi 53. Mafuta ambiri amene setilaiti yotere imanyamula amathera pa kuibwezera pa ikweta kuti dishi isafunike kutembenuzidwa.

Kodi chimbale cha mpweya nacho chimapindika motsata bwalo la Laplace?

Si nthawi zonse. Mpweya umakankhana wokhawokha, choncho mbali imodzi ya chimbale ikapotozedwa, mafunde amafalitsa kupotozekako m'chimbale chonse. Chimbale chotentha ndi chochindikala, monga zimakhalira zimbale zozungulira mapulaneti amene akali kukula, chimakana kupindika ndipo chimatha kugwedera chonse pamodzi ngati chinthu chimodzi. Chimbale chopyapyala cha fumbi ndi ayezi chilibe mphamvu yotereyi, ndipo kugundana kwa tinthu take kumachikhazika pa bwalo la Laplace, chopindika monga bwalolo lilili.

Kodi chimbale chingapendeketse pulaneti lake?

Kuwerengetsera kwa pa kompyuta kumasonyeza kuti chingathe. Mu 2020, Rebecca Martin, Zhaohuan Zhu ndi Philip Armitage anapeza kuti chimbale cha pulaneti chikalekana ndi chimbale chachikulu cha nyenyezi, kupendekeka kwake kwakung'ono kumatha kukula msanga chifukwa cha kukoka kwa nyenyeziyo. Popeza chimbale ndi pulaneti zimakokana, ndiponso mpweya wa chimbale umagwera pa pulaneti, ikweta ya pulanetilo nayo imatha kusunthika. Izi zikutanthauza kuti mapulaneti ena akuluakulu angakhale opendekeka kuyambira ali aang'ono, popanda kuwombedwa ndi kanthu.

Uranus wagona cham'mbali. Nanga miyezi yake ili bwanji?

Nayo yagona naye limodzi. Miyezi yake ikuluikulu isanu, Miranda, Ariel, Umbriel, Titania ndi Oberon, imazungulira pafupi ndi ikweta yake, ndipo wopatuka kwambiri ndi Miranda, pa madigiri 4 okha. Mikombero yake, imene inapezeka mu 1977, nayonso ili pa ikweta. Oberon, yemwe ndi wakutali pa isanuyi, ali pa makilomita pafupifupi 583,500, mkati ndithu mwa malire a Laplace.

Ngati Uranus anagwetsedwa ndi kuwombedwa, miyeziyo inamutsatira bwanji?

Funsoli n'lofunika chifukwa kuwombedwa kumachitika mwadzidzidzi, ndipo miyezi imatsatira pulaneti pokhapokha likamapendekeka pang'onopang'ono. Mu 2012, Alessandro Morbidelli ndi anzake anasonyeza kuti ngati Uranus anawombedwa akali ndi chimbale chomuzungulira, zigawo za chimbalecho zikanayamba kugwedera mozungulira ikweta yatsopano pa liwiro losiyanasiyana, n'kugundana mpaka kugona pa ikwetayo. Anapezanso kuti kuwombedwa kamodzi kokha Uranus ali chilili kukanasiya miyezi yoyenda mobwerera kumbuyo, zimene sizili choncho. Anaona kuti Uranus anali atapendekeka kale asanawombedwe komaliza, kutanthauza kuti anawombedwa kawiri kapena kuposerapo.

Bwanji dzuwa silisokoneza miyezi ya Uranus, poti njira zake zaima chilili?

Njira ya mwezi ikapendekeka kupitirira madigiri 39 kuchokera pa njira ya pulaneti, dzuwa limatha kuitalikitsa pang'onopang'ono mpaka mbali yake imodzi itayandikira pulanetilo moopsa. Zimenezi anazifotokoza Mikhail Lidov wa ku Soviet Union mu 1961 ndi Yoshihide Kozai wa ku Japan mu 1962, ndipo Lidov anawerengetsera kuti mwezi wathu utaimikidwa chilili chotero ukanagwera padziko m'zaka zochepa. Miyezi ya Uranus imapulumuka chifukwa ili mkati mwa malire a Laplace. Kufufuma kwa Uranus ndi kukokana kwa miyeziyo kumatembenuza njira zake mofulumira, moti dzuwa silipeza mpata wokoka mbali imodzi kwa nthawi yaitali.

Kodi pali kupendekeka kumene kumaika miyezi pangozi?

Kulipo. Mu 2009, Scott Tremaine, Jihad Touma ndi Fathi Namouni anasonyeza kuti ikweta ikasiyana ndi njira ya pulaneti kupitirira madigiri 68.875, njira zozungulira bwino za pafupi ndi malire a Laplace sizikhazikika. Mwezi wofika pamenepo njira yake imatalika, ndipo ukhoza kugwera pa pulaneti kapena kugundana ndi inzake. Uranus ali m'gulu limeneli, ndipo pakati pa Oberon ndi miyezi yake yakutali, imene imayambira pa makilomita oposa 4 miliyoni, sipanapezeke mwezi uliwonse.

Nanga miyezi imene imayenda mobwerera kumbuyo inachokera kuti?

Imeneyi sinabadwire m'chimbale cha pulaneti lake, inali kuyenda payokha n'kukodwa ndi mphamvu yokoka ya pulanetilo. Yambiri ndi yaing'ono, ili kutali, ndipo njira zake n'zotalika komanso zopendekeka, monga Phoebe wa Saturn amene ali pa makilomita pafupifupi 13 miliyoni. Pafupifupi yonse imapewa njira zoima chilili, chifukwa imene inali m'njira zotero inachotsedwa kale ndi mphamvu imene Lidov ndi Kozai anafotokoza ija. Triton wa Neptune, amene William Lassell anamupeza mu 1846, ndi wamkulu pa yonse yoyenda mobwerera, ndipo njira yake yapendekeka madigiri 157 kuchokera pa ikweta ya Neptune.

Kodi mwezi nawo ungasinthe kupendekeka kwa pulaneti lake?

Ungathe, chifukwa mwezi waukulu umasintha liwiro limene pulaneti lenilenilo limagwedera nalo. Mu 2004, William Ward ndi Douglas Hamilton anaona kuti kugwedera kwa Saturn kukuyenda pa liwiro lofanana kwambiri ndi kugwedera kwa njira ya Neptune, ndipo kufanana kotere kumatha kupendeketsa pulaneti pang'onopang'ono. Mu 2020 kunapezeka kuti Titan akutalikira Saturn masentimita pafupifupi 11 pachaka, ndipo chaka chotsatira Melaine Saillenfest ndi anzake anasonyeza kuti kutalikiraku kungakhale kumene kunalowetsa Saturn m'kufanana kumeneko. Mwezi wathu nawo umathandiza kukhazika dziko, moti kupendekeka kwake kumangosinthasintha pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5 m'zaka pafupifupi 41,000.

Kodi munthu wamba angaone chiyani ndi maso ake?

Jupiter ndi Saturn amaoneka popanda chida chilichonse usiku kopanda mitambo. Ndi magalasi oonera patali a m'manja, ogwiridwa mosagwedeza, miyezi ya Jupiter imaoneka ngati timadontho towala tondandalika pamzere umodzi, ndipo mzerewo ukusonyeza pamene pali ikweta yake. Mikombero ya Saturn imafuna telesikopu yaing'ono, ndipo maonekedwe ake amasintha m'zaka 29 ndi theka zimene Saturn amatenga kuzungulira dzuwa. Mu March 2025 inatilozetsa m'mphepete mwake n'kuoneka ngati yasowa, ndipo idzatambasuka kwambiri cha m'ma 2032.

Kodi asayansi akuyembekezera kudziwa chiyani m'tsogolomu?

Chombo cha Europa Clipper, chimene chinanyamuka mu October 2024, chikuyembekezeka kufika kwa Jupiter mu 2030, ndipo cha JUICE, chimene chinanyamuka mu April 2023, chidzafika mu 2031. Uranus wayenderedwapo kamodzi kokha, ndi Voyager 2 mu January 1986, ndipo mu 2022 asayansi a ku America analimbikitsa kuti pa maulendo akuluakulu atsopano, woyamba ukhale wa chombo chokamuzungulira. Chombo chotero chikayeza bwino kufufuma kwa Uranus, kulemera kwa miyezi yake ndi zinthu zimene miyeziyo inapangidwa nazo. Miyeso imeneyi ndi imene ingathandize kusiyanitsa ngati Uranus anagonekedwa ndi kuwombedwa, ndi chimbale chake cha mpweya, kapena ndi mwezi waukulu umene unatayika kalekale.